Mlendo wa M'nyumba Mwanga

Chingwe cha kireni chinaduka Lachinayi
pa doko la Valparaíso, mphepo ili zii.
Mbedza yachitsulo inakupeza kuseri kwa khutu, Nibaldo,
uli mkati motukwana kapitawo.
Mawu omaliza a mwamuna wanga anali kutukwana.
Ndimawasunga ngati mphete.

Masiku makumi anayi unagona, makina akukupumira.
Ndinakwera masitepe a phiri la Barón mpaka maondo kutupa,
ndinayatsa makandulo mpaka zala kununkha phula,
ndikuti: Ambuye, ndibwezereni yemweyo.
Anandibwezera wina.

Wadzuka uyu amanditchula kuti "mayi".
Amapempha chilolezo asanakhale pa mpando wake womwe.
Khofi unkamwa wowawa ngati ndulu,
iye amathiramo masupuni anayi a shuga
n'kumamwetulira kapu.
Mphaka wa a Eduvigis, uja unkamugenda ndi nsapato,
tsopano amagona pachifuwa pake.

Dokotala anandionetsa chithunzi: kadontho kotuwa,
kochepa ngati nthangala ya olivi.
"Apa," anatero, "mpamene pankakhala ukali, ndi zina."
Zina zija ndi zaka makumi awiri ndi zitatu.
Zina zija ndi dzina la mwana wathu,
ndi mluzu uja unkaimba potsegula geti
kuti ndidziwe ngati wabwera ndi malipiro kapena ndi ngongole.

Iwe sunkaponda m'tchalitchi, ngakhale pa maliro a amako.
Uyu belu likalira, naye misozi chuchuchu.
Amati Mulungu amang'ung'udza m'zingwe za chikepe chokwera phiri,
amavulira chipewa agalu a mumsewu.
Dzana anapatsa wopemphetsa nsapato zako zachikopa,
nabwera wapansi, mapazi ali mbuu, nkhope ili ngwee.
Ine ndiye ndinaleka kupemphera.
Korona ili m'kabati pamodzi ndi malisiti a mankhwala.
Chikhulupiriro changa chinayenderera kwa iye
ngati madzi a mvula m'misewu yotsetserekayi.

Usiku amaiwala kumene kuli chimbudzi
koma saiwala kundifunditsa.
Iwe sunandifunditsepo.
Zimandipsetsa mtima. Ndimakwiyira kufatsa kwakeko
ngati munthu wavala jekete ya malemu
maliro asanatuluke m'nyumba.

Nanga ndikalire kuti, poti manda palibe?
Anansi amati, "Ximena, uli ndi mwayi, wapulumuka."
Ndimagwedeza mutu, n'kupitiriza kuyanika malaya ako
amene wina adzavale mawa.

Lamlungu tili pakhonde, sitima zikulowa padoko,
anandiyang'anitsitsa, chipsera chija chikugunda.
"Mayi," anatero, "pepani kufunsa,
kodi muli pabanja?"
Ndinazunguza mphete pachala.
"Ndinali," ndinatero. "Kaya."
"Ngati eni ake sabwera," anatero, "ine nditha kudikira."

Ndinaseka mpaka kutsamwa, Nibaldo,
kuseka kwanga koyamba chidukire chingwe chija.
Undikhululukire.
Ndamuuza kuti mawa adzandifunsenso.