Mulu wa Utuchi ku Bieszczady

Fosholo inalowa m'mulu wa utuchi
ngati dzanja lolowa m'khwapa,
ndipo nthunzi inafuka.
Linali Lachiwiri mu Julayi,
lole ya Zdzisław ikuyembekezeka masana
kudzakokolola mulu wonse.

Mazira asanu ndi atatu. Ndinawerenga kawiri.
Oyera mbee, otalika ngati chala chachikulu,
omatirirana ngati achita kupangana,
ofewa ngati magolovesi anga akale.
Ndinabwezera utuchi ndi manja.

Mayi wake ndimamudziwa.
Zaka zisanu ndakhala ndikucheka matabwa pano
pamene iye akuwothera dzuwa pa mitengo yosacheka,
wotalika kuposa ine nditagona,
msana wodera ngati tiyi wopanda mkaka,
timadontho toyera tili waa m'mbali,
mimba yachikasu chofuwira.
Alibe ululu. Mbewa amaigwira mwa kuikulunga,
kuifinya mpaka ili zii,
kenako n'kuimeza kuyambira kumutu,
mosafulumira, ngati munthu wopanda ngongole.

Ndinamuonapo akukwera mtengo wa buk,
thunthu losalala, loima njo, lopanda nthambi.
Mamba a kumimba ali ndi m'mphepete mopindika,
amagwira paliponse pamene khungwa lalakwitsa.
Anakwera ngati madzi oiwala kotsetsereka.
Pamwamba mbalame zinachita phokoso,
ndipo sindinganame, anatsika wonenepa.

Mu Meyi amuna awiri analimbirana iye
kuseri kwa shedi ya injini,
atapotana ngati chingwe,
aliyense akukankhira pansi mutu wa mnzake.
Palibe analuma. Wogonja anangochoka.
Ku bala ya ku Lutowiska sindinaonepo
ndewu yaulemu chotero.

Koma kufungatira sadziwa.
Kuno ndi kumpoto kwambiri kwa mtundu wake,
chilimwe n'chachifupi, nthaka imazizira msanga,
choncho amasaka chinthu chowola:
udzu wakale, ndowe, mphako yofumbwa,
kapena zinyalala za macheka athu.
Kuwola ndiye nkhuku yake.
Ife timagwetsa nkhalango yake,
iye n'kudzaikira m'fumbi la nkhalangoyo.
Za amene ali ndi ngongole kwa mnzake
ndaziganiza mpaka kuzisiya.

Zdzisław anafika, injini osazimitsa.
Ndinati utuchi wanyowa, ubwere mwezi wina.
Anaufumbata, wouma gwa, n'kundiyang'ana.
Ndinafukula pang'ono kuti aone.
Anabwerera m'mbuyo, nadzilemba mtanda pachifuwa,
kenako anagwada.
"Ndi ija ya pandodo," anatero,
"ija amajambula pakhomo la sitolo ya mankhwala."
Anatenga theka la kumadzulo. La kum'mawa anasiya.
Mayi Bogumiła, eni macheka,
anandidula malipiro a tsiku limodzi,
koma mawa lake ndinapeza atakhoma zikhomo zinayi
ndi chingwe chofiira kuzungulira mulu.

Ogasiti anadutsa ndi mvula yake.
Ndinkapisa dzanja m'mawa uliwonse
ngati woyesa mwana malungo.

Anaswa mu Seputembala.
Asanu ndi mmodzi, ochepa ngati zingwe za nsapato,
mawanga achikasu kuseri kwa mutu,
timalilime tikulawa kale mphepo.
Awiri sanatuluke. Ndinang'amba limodzi:
kanali kathunthu, kopindika bwino, kozizira.

Palibe anawalandira. Mayi anali kwina,
mwina akufundula pa mwala wa kumtsinje wa San.
Aliyense analowera kwake m'masamba ogwa,
ndi masabata ochepa okha
oti apeze mng'alu pansi pa mizu
chisanu chisanatseke chitseko.

Lero chipale chofewa chakwirira bwalo lonse.
Mulu wokha ndiwo uli ndi dazi pamwamba,
ukupumabe nthunzi.
Penapake pansi pa phirili
mitima isanu ndi umodzi ikugunda mwa apo ndi apo.
Ndikunola mano a macheka.
Utuchi wa chaka chamawa
ndiyamba kuunjika pomwepo.