Kalata ya pa Katoni

Madzulo ndinayala katoni
pansi pa pikapu ya Nasimelo
kuseri kwa msika wa Kamwendo.
Kwacha itandilembera kalata:
madontho atatu akuda,
limodzi lonunkha ngati dzira lowola.

Oyilo ndi wabodza,
amagwera kuno bala lili uko.
Ndatsuka injini ndi parafini,
ndawaza ufa, ndaliza, ndadikira.
Kanjira konyowa katulukira kumtunda,
pa gasiketi youma gwa.

Lonunkhalo ndi la difu,
kamphira kake kadyeka milomo.

"Zingati?" akufunsa,
maso ali pa matumba a mtedza
oyenera kufika ku Lilongwe dzuwa lisanapendeke.
Ndapukuta zala pa ovolosi.
"Gasiketi lero, mayi.
Difu ipirire mpaka mugulitse."