Malandi Atatu

Pepalalo analimata usiku, ife tili mtulo,
pagalasi la pokwerera basi ku Rosettenville.
Chingerezi chake chaulemu ngati cha pamaliro:
ati pepani, ati mafuta, ati ngongole,
ati thumba la mzinda labooka.
Ine ndinangoona nambala.
Malandi atatu.

Atatu popita, atatu pobwerera,
Lolemba mpaka Loweruka.
Ndinawerengera pazala m'chisanu cha Juni,
zala zinatha, ndinayambiranso,
ndipo kumapeto kwa samuyo ndinapeza
nsapato za sukulu za Asiyatu,
zomwe ndinalonjeza pafoni mwezi wa Epulo,
zitakwera basi popanda ine.

Lachinayi khadi langa linakana.
Makina analira kawiri, kagetsi kofiira,
mzere wonse ukupumira m'khosi mwanga.
Dalaivala wandevu zaimvi, Mokgethi dzina pachifuwa,
sanandiyang'ane nkomwe.
Anangoloza chitseko ndi chibwano.
Ndinamutukwana chamumtima
m'chinenero chomwe sakanachimva,
iye ndi agogo ake omwe.

Ndiye ndinayamba wapansi.
Folo koloko, nthunzi ikutuluka m'kamwa,
kudutsa milu yachikasu yomwe migodi inasanza,
kunsi kwa msewu wam'mwamba
komwe anthu amagona atafunda makatoni,
mpaka pamlatho, pomwe sitima zili ndondondo pansipo,
dzimbiri likuzidya mosafulumira.
Ku Braamfontein nsanjika zisanu ndi ziwiri
zimadikira chikolopa changa,
ndipo kapitawo Refilwe ali ndi kabuku
komwe mphindi iliyonse ili ndi mtengo.

Pa wailesi ya mushopu ya Msomali ndinawamva akukangana.
Kampani ikuti mzinda sunalipire.
Mzinda ukuti boma silinatumize.
Boma likuti tiunika.
Ngongoleyi imayenda ulendo wautali kuposa basi iliyonse,
imasintha mipando, imadutsa maofesi a makapeti,
koma potsika
imatsikira pa ine.

Kenaka Lolemba lina basi sinabwere.
Lachiwiri chimodzimodzi.
Kudepoti, kuseri kwa waya,
zinaima mizeremizere ngati ng'ombe zodikira dibi,
nkhunda zitayamba kale kuyesa malo padenga.

Lachitatu, pafupi ndi Wemmer Pan,
ndinamva mapazi akufanana ndi anga.
Kucheuka: ndevu zaimvi zija,
jekete la kampani, kachitini ka chakudya m'manja.
Miyezi iwiri, anatero, atakweza zala ziwiri.
Osalandira.
Amapitabe kukasaina, kuti asadzati anathawa ntchito.

Mawu onse ndinamusungira aja
anasungunuka ngati shuga m'tiyi.
Tinayenda limodzi, Chizulu changa chothyokathyoka,
Chingerezi chake chotopa.
Ndinaona kuti pa siteji iliyonse amachepetsa liwiro,
mwendo wakumanja ukufuna buleki,
maso akusaka pagalasi lomwe kulibe
ngati pali wina akuthamangira.
Pa siteji yachitatu ndinaseka.
Iyenso anaseka, mpaka kutsokomola,
nanyema buledi wake pakati.

Sindinamuuze kuti ndinamutukwana.
Mwina ankadziwa. Amatukwanidwa m'zinenero zingati patsiku?

Madzulo Asiyatu anaimba kuchokera ku Namwera.
Amayi, nsapato zija?
Mwezi wamawa, mwanangu.
Ku Joni kuno zinthu zili bwino,
kungoti kukuzizira.

Nditadula foni ndinavula yanga yakumanzere.
Chibowo chafika poti chala chimasuzumira panja.
Ndinatulutsa m'thumba pepala lija,
ndinalimatula pagalasi dzana, palibe anandiona,
ndinalipinda kanayi,
pepani wawo ndi ngongole yawo mkati,
n'kuliyala pansi pa phazi.

Mapepala a khonsolo ndi okhuthala ndithu.
Lingandifikitse Lachisanu
mvula ikapanda kugwa.