Nambala 37, Kenema

Magetsi athima kachitatu usiku uno,
ine ndikadali pa mzere womwe uja.
Laputopu yatsala ndi moto wa mphindi makumi awiri,
mahedifoni andipana makutu ngati nkhanu.

Adokotala Massaquoi anachita kunenetsa: Jebbeh, maina ayi.
Munthu aliyense akhale nambala,
mudzi uliwonse ukhale chilembo.
Ndiye bambo uyu ndi 37, kwawo ndi K,
ngakhale K ndimamudziwa mpaka chitsime chake,
chija chingwe chake chinkatisupula m'manja.

M'tepi muli tambala, muli mwana akulira kuseri,
wina akusinja mpunga osalabadira za kafukufuku.
Adokotala afunsa modekha, mawu a kuyunivesite:
Chinakupangitsani n'chiyani kulowa gulu la alenje?

Pa fomu pali mabokosi anayi.
Umphawi. Kubwezera. Kukakamizidwa. Kuteteza mudzi.
Lamulo lake n'kuchonga limodzi basi.

37 akutsokomola kaye.
Akuti anatitemera mankhwala m'nkhalango,
anatisokerera timagalasi pa malaya,
amvekere chipolopolo chidzasanduka madzi
bola usabe, usakhudze mkazi.
Akuti miyezi yoyamba tinkatetezadi, funsani aliyense.
Kenaka zigawenga zinasuntha, mfuti zinatsala m'manja,
ndipo mfuti imamva njala msanga kuposa mwini wake.

Ndabweza tepi m'mbuyo.
Ndabwezanso.
Chifuwa chimenecho, chouma, chotsiriza ndi kamluzu,
ndinachimvapo pa chipata cha chingwe pafupi ndi mtsinje wa Moa
ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi,
nditasenza chigubu cha mafuta ofiira.
Munthu ankafunsa mchimwene wanga Moinina
kuti chipsera cha paphewa chinabwera bwanji
ngati si lamba wa mfuti.
Chinali cha mitolo ya nkhuni.
Anamuuza akhale pambali, pamthunzi.
Ife anati pitani, musacheuke,
ndipo amayi sanacheukedi, anandikoka dzanja mpaka linachita dzanzi.

Adokotala afunsa za pa zipata.
Apa tepi ili zii, masekondi makumi anayi ndi atatu.
Ndawerenga ndekha.
Tambala yekha ndiye akuyankha.
Buku la malangizo likuti kukhala chete sikulembedwa,
kulibe nambala yake.

Lachiwiri lapitali ndi yemweyu anandikweza pa njinga yamoto
kuchokera kumsika.
Ndinalibe ganizo, chipewa chinamuphimba kumaso.
Anati gwiritsani mayi, msewu wakumbika ndi mvula,
ine n'kumugwira m'chiuno ndi manja onse awiri.
Pofika anandibwezera chenji chonse
ndipo anafunsa ngati chimfine cha mwana chatha.
M'tepimu akuti njinga yoyamba anayambira
pa ndalama zija ankapatsa obweza mfuti.
Ife amene tinalibe chobweza tinangolandira mapepala a umboni.

Lipoti likadzatuluka ku Freetown, la chikuto chonyezimira,
lidzati ambiri analandiridwanso kwawo.
Si bodza.
Timagula makala kwa iwo,
ana athu amakanganirana benchi limodzi kusukulu,
pamaliro amakumba nawo manda, ndipo amakumba bwino.
Adokotala nawonso si mlendo pa zimenezi,
azakhali awo alibe dzanja lamanja,
koma akalowa muofesi amavala magalasi
n'kumati tiyeni tione zomwe manambala akunena.

Laputopu yayamba kuphethira kofiira.
Ndachonga Kuteteza mudzi
poti ndi mmene zinayambira,
poti bokosi la mmene zinathera palibe.

M'mphepete, pamene timalemba ndemanga,
zala zalemba zokha: Moinina.
Ndayang'ana dzinalo mpaka maso kuwawa.
Maina ayi, Jebbeh.
Ndafufuta a, ndafufuta n, ndafufuta i,
pang'onopang'ono, kuchokera kumapeto,
mpaka patsala M yekha.

Mawa adokotala adzayesa ndi mudzi.
Adzafunsa kuti uli kuti pa mapu,
ndipo njinga yoti itiperekeze kumeneko
aiitanitsa kale, ifika seveni koloko.