Zala pa Njerwa

Ndinatsika minibasi pa Nathenje,
wa kabaza n'kundimalizitsa mtunda wotsalawo,
tepi yoyezera m'thumba, pensulo kukhutu.
A komiti ankafuna mtengo:
kugwetsa tchalitchi chakale ndi ndalama zingati,
poti chatsopano chafika kale pa linta.

Anandilandira a Yotamu Chikuse,
osunga kiyi, oimba belu.
Belu lake ndi limu ya lole
yopachikidwa pa mthethe ndi waya.
Loko anakana kawiri.
Kachitatu anamunong'oneza kanthu, chitseko n'kuvomera.

M'katimo munkazizira ngati m'mtsuko
kunja Okutobala akukazinga anthu.
Fungo la mileme, la fumbi,
la mabuku a nyimbo amene anavumbwapo.
Ndinayeza khoma: njerwa ziwiri ndi theka,
zogwirana ndi dothi lokha,
simenti osalawako ngakhale supuni.
Ine, wa zaka makumi awiri m'mapuloti a ku Kawale,
ndimamanga makoma oti ukatsokomola
a nyumba inayo amati pepani.

Mawindo opindika ngati uta.
Ndinafufuza chitsulo chowagwira, sindinachipeze.
Njerwa yatsamira inzake, inzakeyo yatsamira ina,
ya pakati yakanirira zonse.
Imeneyo ukangoisolola, msonkhano watha.

Kudenga mitanda ya mlombwa,
mabala a kasemasema akuonekabe.
Chiswe chinayesa mbali ya kumpoto, chinabwerera.
Malata okha ndiwo atopa:
dzuwa likudontha m'zibowo
n'kumwazika pansi ngati makobidi a chopereka.

"Amayi ankakhala uku, abambo uku.
Pakumbikapa si madzi ayi, ndi mapazi."
Kenaka anati, "Bwerani,"
n'kundizungulitsa kuseri, kumene ana amakodza.
Anagwada movutikira,
anapukuta ndere ndi mkono wa jekete.
Mzere wachitatu kuchokera pansi:
zala zinayi, zing'onozing'ono, zolowa m'njerwa.

"Mayi anga awa, Nangozo.
Anali kamtsikana, akutuma kudambo kumene ankaumba.
Anainyamula isanaume.
Anakalipiridwa mpaka kulira,
koma njerwa inalowa mu uvuni momwemo."
Pafupi pake panali ina ya phazi la mbuzi.
"Iyo mwini wake sitimudziwa."

Ndinaika zala zanga m'zalazo.
Sizinakwane.

Pansi pa mthethe ndinatsegula kope.
Ndinalemba malata makumi asanu ndi limodzi,
misomali, mtanda umodzi wolowa m'malo mwa wosweka,
laimu matumba anayi, magalasi a mawindo atatu.
Pa mzere wa kugwetsa
pensulo inangoima ngati njinga yopanda tcheni.

Si zimene anandiitanira, ndikudziwa.
Msungichuma adzawerenga, adzakwinya nkhope,
mwina adzaitana anyamata a ku Mchesi
amene ali ndi nyundo zazikulu ndipo safunsa mafunso.
Njerwa zakale zili ndi msika, amati,
zimamanga mipanda yokongola m'tauni.

A Yotamu sanandifunse chimene ndalemba.
Anayang'ana mthunzi, anatola chitsulo chawo,
n'kumenya limu katatu kuitana a kwaya.
Mileme inasuntha kudenga.
Wa kabaza anali atagona pa udzu, chipewa kumaso,
ndipo ine ndinabwereranso kuseri
kukayeza zala zija ndi tepi,
ngakhale palibe anandituma.