Nyenyezi Ziwiri ndi Theka

Lachiwiri, mvula ya ku Glasgow ikugwa chopingasa,
pansi pa chitseko changa pali maenvulopu atatu.
Mkonzi wa nyuzipepala, Fenella, wamatapo kapepala:
mawu mazana atatu Lachisanu lisanadutse,
ndipo Gregor, chonde, usawalume kwambiri ana a eni.

Chimbale choyamba n'cha anyamata anayi a ku Paisley
odzitcha dzina la sopo wotsukira mbale.
Gitala wawo akulira ngati timasupuni m'kapu,
nyimbo iliyonse akuwomba m'manja
ngati wina wawauza kuti lendi yatsika.
Ndalemba: liwiro ali nalo, kopita sakukudziwa.
Nyenyezi zitatu. Ndafufuta. Ndalembanso zitatu.

Chachiwiri anajambulira m'galaja ku Dundee.
Pakati pa nyimbo yachinayi galu akuuwa,
amusiya momwemo.
Woyimbayo akuseka asanamalize mzere,
za njinga yobedwa akuziyimba ngati nkhani ya ukwati.
Ndimafuna kudana nacho.
Ndangoona phazi likugwedera pansi pa tebulo,
tiyi wazizira, soseji yapserera m'chiwaya.

Zaka makumi awiri ndi zitatu
ndikuweruza chimwemwe cha anthu ena.
Kuseka amakuyeza ndi chiyani?
Nyimbo zachisoni sizivuta, umangoti n'zozama,
aliyense n'kuvomera ndi mutu.
Koma izi zodumphadumpha,
zovala malaya achikasu pakati pa dzinja la kuno,
zimandisiya cholembera chili m'kamwa.

Chachitatu chikuto chake n'chongopinda pamanja,
basi yojambula ndi pensulo, mawilo osafanana.
Nyimbo zisanu ndi ziwiri, mphindi makumi awiri.
Lipenga likulowa mochedwa.
Kiyibodi ikumveka ngati chidole cha mwana.
Wang'oma akuthamangira kutsogolo
ngati sitima yomaliza ikumusiya.
Ndalemba: ng'oma ziphunzire kudikira.
Nyenyezi ziwiri ndi theka. Ndatumiza. Ndagona.

Loweruka m'mawa ndatsikira ku bekale ya pakona.
Mtsikana wa pakauntala, uja wa tsitsi lobiriwira,
dzina pachifuwa Ishbel,
nyuzipepala waipinda patsamba langa.
Zala zake zikugogoda thireyi ya mabanzi
ndipo kugundako ndakuzindikira,
liwiro lomwe lija.

"Theka lija," akutero, "n'la ndani?
Takangana usiku wonse. Walipenga akuti n'lake."
Ndasowa pogwira.
Ndafunsa mtengo wa buledi ngati sindiudziwa.
"Ndimadzuka folo koloko kudzakanda ufa.
Timayeserera naini koloko usiku.
Ndikati ndichepetse liwiro ndigona pampando."
Waseka, waponya banzi laulere m'pepala.
"Mubwere Lachinayi, chipinda chapansi ku bala ya MacAskill.
Mudzatiphunzitse kudikirako."

Ndinapita.
Anthu makumi atatu, majasi onyowa ataunjikidwa pa piyano,
denga lotsika moti wamtali amawerama.
Lipenga linachedwa monga mwa masiku onse.
Ishbel anathamanga, anzake n'kumuthamangira,
ndipo mkulu wina wadazi, mwina bambo ake,
ankayimba mawu onse mokweza, molakwitsa,
botolo m'mwamba, mowa ukutayikira pa nsapato zanga.
Kabuku kanga kanali m'thumba la jasi,
jasilo pansi pa majasi ena khumi ndi awiri.
Sindinakafukule.

Fenella anandiyimbira m'mawa mwake,
akuti pali magulu ena awiri, lina la ku Leith,
ali ndi zeze wamagetsi ndi mayi woyimba ngati akuitana mphaka.
Ndinati atumize.
Za nyenyezi ziwiri ndi theka sindinasinthe,
ng'oma zija zimathamangadi.

Koma usiku uja, pobwerera pa Dumbarton Road,
mashopu atatseka, mvula itasanduka nkhungu,
ndinkayimba mluzu nyimbo yachitatu,
ya basi yosabwera ija,
ndikuithamangitsa ndekha
mpaka pakhomo.