Wotchi ya Mayi Pashley

Ku Sheffield, dziwe likatsekedwa,
ndimakolopa pansi pa zithunzi zakale:
amuna a ndevu zopotana, zovala zaubweya zitamwa madzi,
akulimbana ndi mtsinje wozizira
mipikisano isanalowe m'nyumba.

Mayi Pashley, tsitsi lonse mbuu,
amasungabe wotchi yachitsulo m'thumba.
Akuti chala chawo ndicho chinkagamula
pakati pa mayiko,
mpaka khoma linaphunzira kuwerenga lokha.

"Ndinachedwa kudina kamodzi," amandinong'oneza.
"Mtsikana uja anabwerera kwawo ali wachinayi."
Dzina lake satchula.

Mbendera zapindidwa m'kabati.
Madzi ali phee, sakumbuka aliyense.
Ine wa ku Ntcheu, wosadziwa n'kuyandama komwe,
ndimafinya chikolopa,
maso akuwawa ndi kolorini.